Bondo la a Sikisito

Tereza ndi Gasiano, ana anga, amayi anu akuti ndikapanda kulemba ndekha mudzangomva za m'maluwa. Anthu a kuno mukuwadziwa, nkhani ikadutsa pa msika wa pa Boma imatulukira mbali inayo itamera nyanga. Mpaka lero alipo amene amandiloza ndi mlomo kuti uyo ndiye mkulu uja adapita pamaliro a mnzake kukagulula mwendo wa mtembo. Sakunama kwenikweni, koma sakunenanso zonse. Ndiye poti tsopano ndidapuma ntchito ndipo zondisowetsa mtendere ndi mbuzi zokha, ndati ndikulongosolereni mmene zidayendera. Za ubwana wanga zisiyeni, mudalibe china koma mamina ndi kuzizira kwa Juni.

Chaka chimene ndidakwatira amayi anu

Ntchito ndidaiyamba ngati kalipentala pa chipatala cha mishoni, kukonza zitseko ndi mabedi. Kuseri kwa khitchini kudali kanyumba kamalata kamene anthu ankangoti ku miyendo, chifukwa n'kumene ankapangira miyendo yoikirira ya anthu odulidwa. Mkulu wake adali a Chiwaya, munthu wamfupi, wadazi, wosadziwa kuseka. Tsiku lina adandipeza ndikupala mwendo wa tebulo. Adaupapasa kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kundiyang'ana ngati ndaba kanthu.

"Iwe, ukuwonongeranji manja pa matebulo? Tebulo silithokoza. Mawa ubwere kwathu."

Idali nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki. Malire athu mukuwadziwa, ndi msewu chabe, uku kwathu uko kwawo, ndipo anthu oponda mabomba okwirira ankabwera pa ngolo, ena pa machira. A Chiwaya adandiphunzitsa ntchito ndi mawu ochepa komanso makofi a m'khosi awiri amene ndimawathokoza mpaka lero. Mbali yotsala ya mwendo tinkaitcha chitsa. Tinkaikulunga ndi nsalu ya chikhakha kuti tipeze chikombole, m'chikombolemo n'kuthira pulasitala, ikauma n'kusema, kenako n'kuumbirapo pulasitiki wofewetsedwa mu uvuni. Chotulukacho ndiye chikho, mmene chitsa chimalowa. Kwa munthu wodulidwa m'ntchafu, pansi pa chikho pamabwera bondo lachitsulo, kenako paipi, pomaliza phazi la labala. Zonsezi tinkatha kuzipeza kapena kuzipanga, kupatula bondo. Bondo lidali lochokera kunja, ndipo a Chiwaya ankawatsekera mabondowo m'kabati, kiyi ali m'khosi pamodzi ndi kolona. Zotsalira za ntchito, pulasitala wosweka, timapisi ta pulasitiki, zikho zakale, tinkazitaya m'dzenje kuseri n'kuyatsa Loweruka lililonse. Utsi wake unkalowa ku wodi ya odwala chifuwa, iwo n'kumatitukwanira pa windo. Ife sitinkaona cholakwa, tinkati ndi mmene ntchito imakhalira.

M'chaka chimenecho ndi mmene adafika a Sikisito Phiri, mlimi wa kachewere wa ku Kaphuka. Adaponda bomba atawoloka malire kukafuna mbewu, ndipo adawadula m'ntchafu ya kumanzere. Pofika kwa ife adali atagona kunyumba miyezi isanu ndi itatu. Adabwera pa ngolo, akazi awo, a Nambewe, akuyenda pambali atagwira thabwa la ngoloyo ngati ingawathawe. Ine ndidali ndisanazolowere kukulunga chikhakha. Iwo adandiyang'ana n'kunena kuti, "Amisiri, mwendo wakewo muupange wautali pang'ono kuposa unzakewu. Munda wanga uli potsetsereka."

"Nanga pobwerera mzere winawo muzidzatani?" ndidafunsa.

"Ndizidzalima chafutambuyo."

A Chiwaya adatulutsa kamawu ngati atsamwa, n'kutuluka panja. Kadali kuseka, ndipo pa zaka zonse zimene ndidagwira nawo ntchito sindidakamvenso. A Nambewe adangopukusa mutu n'kunena kuti, "A Phiri, bomba lija likadatenga lilime bwenzi tikupuma."

Chaka chimene Gasiano adabadwa

Adandisamutsira ku chipatala chachikulu mu mzinda, kumene tidakhala zaka zisanu ndi chimodzi m'kanyumba kaja kodontha kamene Tereza amakakumbukira. Kumeneko ndidaphunzira zambiri koma sindidakondeko, odwala ankabwera ndi nambala n'kuchoka ndi nambala, osadziwa ngati kwawo adakafika. A Chiwaya atamwalira, asisitere oyang'anira chipatala chathu adalemba kalata kuti ndibwerere ndidzatenge malo awo. Ndidapeza kiyi wa kabati ali pa msomali, koma m'kabatimo mudali bondo limodzi ndi mphemvu. Zaka zimenezo tidavutika. Tinkamasula mabondo awiri akufa kuti tipange limodzi lamoyo, tinkapita kwa okonza njinga kukapempha timabawuti, ndipo nthawi ina ndidasema phazi kuchokera ku tayala la thirakitala.

A Sikisito ankabwera chaka ndi chaka akakolola, thumba la kachewere lili pa njinga, mwendo utadzaza matope mpaka m'bondo. Chaka china adafika phazi atalimanga ndi linya. Ndidakalipa.

"Kodi mwendowu mumalimira kapena mumaphwanyira miyala? Mukudziwa mmene ndidavutikira kuti ndiupeze?"

"Pepani amisiri," adatero akuvula mosatekeseka. "Koma mudandipatsa wa kutchalitchi kapena wa kudimba? Ngati ngwa kutchalitchi nenani, ndiziupachika pakhoma mpaka Lamulungu."

Munthu wotere ungamukwiyire mpaka liti? Tinkakhala pakhonde, ine ndikutsuka bondo m'beseni la palafini, iwo akundiuza mitengo ya feteleza ndi milandu ya m'mudzi mwawo. Pa ubatizo wa Gasiano ndiwo adabwera ndi nkhuku ija yoyera imene idathawira m'tchalitchi. Adali mnzanga, ana anga, ndipo anzanga enieni pa moyo wanga sakwana zala za dzanja limodzi.

Chaka chimene Tereza adatipatsa mdzukulu

Zitatsala zaka zochepa kuti ndipume, bungwe lina lothandiza olumala lidatibweretsera makina. Adafika pa lole m'mabokosi atatu, pamodzi ndi masola a padenga ndi mtsikana wovala jini, dzina lake Tadala Zimba. Asisitere adandiitana n'kundiuza kuti ameneyu ndiye aziyendetsa zatsopanozi, ine ndizimuthandiza. Koma abale! Mwana wobadwa ine nditapanga kale miyendo yodzaza ngolo. Ndidatupa sabata ziwiri, mpaka amayi anu adandiuza kuti ngati nkhope imeneyo ndipitiriza nayo ndizikadyera kukhola.

Kagwiridwe kake kadali aka. Wodwala akafika, Mai Zimba ankazunguliza kachipangizo kowala pa chitsa, ndipo chithunzi chake chinkatulukira pa kompyuta chikutembenuka. Pakompyutapo ankakonza pofunika kufinya ndi pofunika kumasula. Akatha ankauza makina, makinawo n'kuyamba kuumba chikho ndi ulusi wa pulasitiki wosungunuka, mzere pamwamba pa mzere, monga amayi amaumbira mtsuko. Padalibe chosema, padalibe chotaya, ndipo chithunzi chija chinkasungika, moti munthu akaswa chikho ku Mphunzi ankangoimba foni, ife n'kumuumbira china asanakwere n'komwe njinga. Tsiku loyamba ndidaima pa makinapo kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, manja kumbuyo, kufunafuna cholakwa. Sindidachipeze, ndipo zidandiwawa.

Cholakwa chidadzipeza chokha patapita sabata. Chikho chokongola ngati cha m'sitolo chidamutupitsa mkulu wina matuza. Ndinkayembekeza kuti mtsikanayu anena kuti vuto ndi mwendo wa mkuluyo, poti ophunzira ambiri amatero. Koma adabwera pa benchi langa n'kuima ngati mwana wa sukulu.

"Bambo Chikaonda, kompyuta ikuona khungu koma fupa siikuliona. Tandionetsani pamene chala chanu chimaima mukamapapasa."

Kuyambira tsiku limenelo ine ndinkayamba kupapasa chitsa n'kulemba ndi pensulo pamene pali fupa ndi pamene pali mnofu, iwo n'kujambula pambuyo. Adandiphunzitsanso kugwira kambewa ka kompyuta, ngakhale kankandithawa. Akulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ndidavomereza. Ndidasiya kunena kuti mwana uja, ndidayamba kunena kuti Mai Zimba.

Bokosi lachitatu lija mudali kachigayo. Zikho zakale zimene kale tinkayatsa, tsopano tinkazigaya kukhala timibulu, timibuluto n'kutisungunula kukhala ulusi woumbira zikho zoyesera ndi zovindikira paipi. Dzenje lija tidalikwirira, ndipo Loweruka odwala chifuwa adayamba kutsekula mawindo. Koma kachigayoko kadabwera ndi lamulo. Mwendo uliwonse udapatsidwa nambala m'kompyuta, ndipo wolandira ankadinda chala pa pepala kuvomera kuti akaleka kuugwiritsa ntchito, kaya walandira wina kaya wamwalira, mwendowo ubwerere kwa ife. Pulasitiki apite kuchigayo, zitsulo zipite kwa munthu wina.

"Mai Zimba," ndidatero nditawerenga pepalalo, "za wolandira winazi zili bwino. Koma za womwalirazi, kuno munthu amapita ndi thupi lake lonse. Ndani angalole kuika m'bale wake ali wopunguka?"

"Ndikumva, bambo. Koma bondo loti likhoza kuyenda zaka zina khumi tizilikwirira m'dothi, wina ali chigonere kunyumba?"

Nkhani idathera pomwepo.

Pa mabondo abwino ochepa amene adabwera ndi makinawo, limodzi ndidaonetsetsa kuti lipite kwa a Sikisito, poti lawo lidali litatheratu. Adakondwa nacho chikho chatsopano, ankati n'chopepuka ngati chipewa. Pepala adadinda akuseka ndi Mai Zimba. Koma titatuluka pakhonde adandigwira malaya, ndipo nkhope idali itasintha.

"Amisiri, pepala lija ndadinda kuti mwanayo asachite manyazi. Pangano lenileni ndikupangana ndi inu. Mwendo wanga woyamba adakautaya ine ndili chikomokere, sindidziwa n'komwe kumene uli. Uwu wokha ndipita nawo. Ndisakafike pa chipata cha Petulo Woyera ndikudumpha ngati chule."

Ndidaseka, koma iwo sadaseke.

"Mwalonjeza?"

"Ndalonjeza," ndidatero, poganiza kuti munthu wolimba chonchi adzandiika ndi iyeyo. Lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane.

Chaka changa chomaliza pa ntchito

Mabondo oitanitsa kunja adasiya kufika. Mai Zimba ankalemba makalata mpaka kutopa, yankho n'kumangokhala lakuti dikirani. Makina athu ankaumba chikho chilichonse, koma bondo lonyamula munthu pa phiri sakadatha. Pa shelefu padali chikho chimodzi chimene ndinkachipewa ndi maso ndikamalowa m'mawa. Chidali cha Filomena, mayi wa ana atatu wa ku Mphunzi, amene adamudula m'ntchafu njoka itamuluma ku nkhuni ndipo bala litakana kupola. Tidamuyeza, tidamuumbira chikho, phazi lidalipo, paipi idalipo. Adadikira bondo miyezi khumi ndi umodzi. Mwezi uliwonse ankabwera pa kabaza, khanda kumbuyo, ndodo zili chopingasa pamiyendo, n'kufunsa mwaulemu kuti, "Kaya lafika, bambo?" Ine n'kumati mwezi wamawa. Pomaliza adaleka kufunsa, ankangondiyang'ana pakhomo, n'kutembenuka.

Lachiwiri lina la mu Juni, chifunga chitatseka mpaka osaona tchalitchi, foni yanga idalira. Adali mwana wamkazi wa a Sikisito. Bambo ake adagwa m'dimba dzulo lake, ndipo pofika nawo kunyumba adali atatsirizika. Maliro mawa masana.

Ndidakhala pa benchi osadziwa chogwira. Mai Zimba adamva zonse. Adandipepesa, adandipangira tiyi, ndipo za bondo sadatchule ngakhale liwu limodzi. Chikho cha Filomena chidali pa shelefu pamwamba pa mitu yathu. Ndidayamba ndine.

"Mukuganiza zimene ndikuganizazi?"

"Ndikuganiza, bambo. Koma sindikutumani. Mukafuna ndipita ndekha ndi pepala lija."

"Inu mukapita ndi pepala akakuthamangitsani ndi makasu a adzukulu. Komanso pali zimene simukudziwa." Ndidawauza za pangano la pakhonde. Nditamaliza adati, "Ndiye pitani mukalire mnzanu basi. M'kompyuta ndilemba kuti lidawonongeka."

Akadandikakamiza zikadandipepukira, bwenzi ndikunena kuti ndi lamulo la ofesi. Koma adandisiyira ndekha. Kunyumba amayi anu adandiona ndikutulutsa jekete lakuda, kenako ndikuika kasipanala kopindika m'thumba, kenako ndikukatulutsa, kenako ndikukabwezeramo. M'mawa mwake ndidaima pakhomo kuti ndizipita. Pamenepo adati, "Ngati mukatenge, mukapemphe pamaso pa anthu. Musakachite ngati wakuba."

Ndidakwera minibasi, kenako kabaza, ndipo ndidafika dzuwa litakwera pang'ono. Amayi a mphakati ankaimba m'nyumba ya siwa, amuna atakhala pansi pa mibawa atafunda majekete. Ndidapereka chipepeso, ndidalowa kukaona nkhope. Adali atawaveka kale suti yawo ya bulawuni, nsapato zonse ziwiri zopolishidwa. Ndidalira, ana anga, sindibisa. Ndidatuluka nditatsimikiza kuti sindinena kanthu. Ndidakhala pansi pa mtengo ola lathunthu, kasipanala kakundibaya pa ntchafu, maso a Filomena pakhomo paja osandichoka. Bokosi litafika kuchokera kwa kalipentala, ndidadziwa kuti akangokhoma misomali zatha. Ndidadzuka n'kupempha kuonana ndi mwini maliro.

Adali mng'ono wawo wa malemu, a Lazaro. Tidapatukira kuseri kwa nkhokwe pamodzi ndi akuluakulu awiri. Ndidagwada, ine wa imvi, n'kufotokoza zonse, za mayi wa ku Mphunzi, za mabondo osafika. A Lazaro adandimvetsera mpaka kumapeto.

"Mwabwera kudzalira kapena kudzalanda?"

"Ndabwera kudzalira, bambo, komanso kudzapempha."

"Asa! Achimwene ankakutchulani ngati m'bale. Ankatiuza tonse kuti amisiri adandilonjeza, ndidzapita ndi miyendo iwiri. Mukukana?"

"Sindikukana. Ndidalonjeza."

"Ndiye mukufuna chiyani pano? Munthu wavutika ndi mwendo umodzi moyo wake wonse, mukufuna akavutikenso kumene akupitako? Anthu a ku chipatala mulibe manyazi!"

Mawu adakwera, ndipo nyimbo m'nyumba muja idayamba kuzilala. Ndidafuna nthaka ing'ambike. Ndikuti ndidzuke ndizipita, mayi wina adabwera n'kugwada chapatali, akuti a Nambewe akuti alamu awo ndi amisiri alowe.

Tidawapeza atakhala pamphasa pafupi ndi mutu wa amuna awo, maso atatupa. Sadandiyang'ane. Adafunsa ali chiweramire.

"Mayiyo ali ndi ana?"

"Atatu, mayi. Wamng'ono ngwa kubere."

"Kuchimbudzi amapita naye ndani mvula ikagwa?"

Funso limenelo sindidaliyembekezere. Ndidati ndidamva kuti ndi mwana wake wamkulu, wa zaka khumi, amene adaleka sukulu.

A Nambewe adatembenukira kwa a Lazaro. "Alamu, thupili ndi lanu, sindikukana. Koma miyezi isanu ndi itatu ija munthuyu ali chigonere, ndinkamubereka ndine, ndili ndi pakati. Inu mudali ku Joni. Ndikudziwa ine kulemera kwa munthu wopanda mwendo." Adapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "A Phiri ankaopa kupita opunguka, n'zoona, ankandiuza inenso. Ndiye amisiri, tandiuzani. Chitsulo chokhacho mukachotsa, palibe china choti n'kulumikiza, kuti thalauzi lisagone lopanda kanthu?"

Ndidati pakufunika kamtengo kolimba, kotalika ngati kuchokera pachigongono kufika pa zala.

"Khasu lawo lili paseri pa chitseko. Dzana adagwa nalo m'manja. Gululani mpini."

A Lazaro adadzuka. "Chitani zimene mukufuna," adatero, n'kutuluka. Mpaka lero tikakumana pa Boma amayang'ana kumbali, ndipo sindiwaimba mlandu.

Amayi onse adatuluka, kudatsala ine ndi adzukulu awiri. Ndidapinda thalauzi la mnzanga. Manja amene adamasula mabawuti zikwi adakanika bawuti loyamba, mpaka mdzukulu wina adandigwirira tochi ya foni ngakhale kudali kowala, kungofuna kundithandiza ndi kanthu. Ndidachotsa bondo ndi paipi yake. Mpini ndidaudula ndi sowo ya kalipentala wa bokosi, ndidausongola mbali zonse ziwiri, ndidaulowetsa m'chikho ndi m'phazi, n'kumanga. Udali wosalala chifukwa cha manja awo. Ndidayeza ndi mwendo unzake kuti zidendene zifanane, ndidabweza thalauzi, n'kumanganso chingwe cha nsapato. Ndidawauza chapansipansi kuti, "A Phiri, ndakulakwirani theka. Mukandidikire pa chipata pomwepo, tidzakambirana."

Kumanda ndidapita bondo lili m'jumbo pansi pa jekete, ndipo ndidaona anthu akugwedezana. Mwambo utatha, a Nambewe adatuma mwana wawo kudzandiuza mawu amodzi, akuti mayiyo akadzayamba kuyenda ndidzawaitane.

Mai Zimba nditawapatsa jumbo adafunsa za chikho, poti chinkayenera kupita kuchigayo. Ndidati chikho chapita ndi mwini wake. Adandiyang'ana, adayang'ana kompyuta, n'kulemba zimene adalemba osandifunsanso. Bondo ndidalitsuka matope a ku Kaphuka masiku awiri, ndidasintha timalabala, n'kulimanga pansi pa chikho cha Filomena. Mai Zimba ankati palibe chifukwa chomuuzira kumene lachokera, koma ine ndidakana, zobisa zidali zitandikwana. Filomena atafika ndidamukhazika pansi n'kumuuza kuti bondoli mwini wake tamuika sabata yatha, ngati akuopa anene, palibe amene amudzudzule. Adaliyang'ana nthawi yaitali osaligwira.

"Adali munthu wotani?"

"Mlimi. Wolongolola. Wosadziwa kukhala pansi."

"Ankamwa?"

"Pa Khirisimasi pokha."

"Ndiye lizindifikitsa kunyumba," adatero. "Ndivekeni."

Adakhala pa chipatala sabata zitatu akuphunzira, poyamba pakati pa zitsulo ziwiri zogwirira, kenako ndi ndodo imodzi. Tsiku limene adati ayese wopanda ndodo ndidatumiza uthenga ku Kaphuka. A Nambewe adafika atavala zakuda, mwana wawo atawagwira mkono. Adapatsana moni ndi Filomena ngati anthu okumana pa chigayo, n'kukhala pa benchi pafupi ndi khomo. Filomena adaimirira kumapeto kwa chipinda, adapuma mwamphamvu, n'kuponya phazi.

M'chipindamo mudali zii, makina titawazimitsa, ndipo m'pamene ndidamva bwino kaphokoso kamene masiku onsewa kankabisika. Bondo likamawongoka linkalira pang'ono, kwe, kenako phazi, kwe, kenako phazi. Ndidachita manyazi, mmisiri wa zaka zonsezi kupereka ntchito yolira pamaso pa alendo. Ndidathamangira botolo la oyilo pa shelefu n'kumuuza Filomena kuti aime kaye.

"Amisiri, lekani," adatero a Nambewe.

Ndidaima botolo lili m'manja.

"Musathiremo. Akamachokera kudimba ndinkayamba kumva kameneko asanatulukire pa nthochi. Ndikakamva ndinkadziwa kuti nditenge madzi ndikaike kubafa." Adatembenukira kwa Filomena. "Tayendaninso, mwana wanga, ngati simunatope."

Filomena adali atatopa, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira, koma adatembenuka n'kuyambanso. A Nambewe sadamuyang'ane. Adatembenuzira nkhope kukhoma, adatsinzina, manja ali pamiyendo. Filomena adafika kumapeto, adabwerera, adapitanso. Ulendo wachitatu, akuyandikira benchi lija, ndidamva a Nambewe akunong'ona, nkhope ikadali kukhoma.

"Mwabwerako, a Phiri."